Chijasi cha mu Okutobala

Zikomo, Sista. Ndiyankhula nditakhala, maondo awa anagwira kale ntchito yawo. Amene simundidziwa, ndine Laisoni Phiri, koma kuno ku Mbizo mukafunsa dzina limenelo mutaya tsiku. Funsani Sekuru Belu, ndiko kuti Agogo Belu, aliyense akulozerani. Mankhwala a lithiamu amene ambiri a inu mwabwera kudzatenga lero, ine ndinayamba kumwa ena mwa inu musanabadwe, nthawi ya nkhondo, Kwekwe uyu azungu akumulemba Que Que.

Ndikuona mayi awo kumbuyoko avala juzi ndi mpango m'khosi, kunja dzuwa likuswa mtengo. Musaweramitse mutu, mayi, sindikukusekani. Ine ndinavalapo zoposa pamenepo, mpaka ndinagona nazo m'chitokosi.

Ndinachoka ku Dedza ndili mnyamata, n'kulowa mgodi wa golide kufupi ndi tauni ino. Ndinayamba ndi fosholo, kulayisha miyala, mpaka anandikweza kundiika pa belu. Ntchito ya belu ndikufotokozereni, chifukwa ana a lero mukamva belu mumaganiza za sukulu. Kheji, chikhola chachitsulo chotsitsa anthu pansi, ankachiyendetsa mzungu ali m'nyumba ya injini, ndipo iyeyo saona chilichonse. Maso ake ndiwe, amene waima pakamwa pa shafuti, dzenje lolowera mu mgodi. Ukakoka chingwe kawiri, atsitsa. Ukakoka katatu, ndiye kuti agwire pomwepo, mukulowa anthu. Ukaphonya kuwerenga, wina m'komboni wasanduka wamasiye. Ndinali wonyada nayo ntchito imeneyo, sindibisa. Dzanja langa linali lachangu, ndipo pakamwa panga panali pachangu kuposa dzanja.

Ndiye kunabwera matenda athu awa. Mukuwadziwa, sinditaya nthawi. Akandikweza, tulo ndinalibe, ndinkalalikira m'bhawa anthu akumwa mowa wawo, ndinagawa njinga yanga, wailesi yanga, ndi mbuzi ya eni ake. Akanditsitsa, miyezi ndili chigonere, nkhope kukhoma. Kawiri konse ananditengera ku chipatala cha amisala ku Bulawayo, atandimanga ndi malamba kumbuyo kwa lole ya mgodi. Ulendo wachiwiri dokotala anandipatsa mankhwala atsopano awa. Nditabwerako, mzungu woyang'anira komboni anandiitana. Sanakalipe ayi. Anangokweza zala zitatu n'kunena kuti, "Phiri, kachitatu, tikiti."

Mumvetse bwino tanthauzo la tikiti. Nyumba inali ya mgodi. Chitupa changa chinkati ndine mlendo m'dziko muno. Ntchito ikatha, nyumba yatha, ndipo mgodi unkagula tikiti ya sitima ya munthu mmodzi, wobwerera kwawo. Mkazi wanga Nabanda, mayi a Lute, anabadwira m'komboni ku Shurugwi. Malawi ankangomumva m'nyimbo za makolo ake. Ana tinali nawo atatu. Tikiti ija inali mpeni wodula banja langa pakati, ndipo tonse m'nyumba tinkadziwa zimenezo.

Mankhwala anagwira, jamani, anagwira ndithu. Zaka ziwiri ndinakhala munthu. Ndinkagona, ndinkadzuka, belu langa silinaphonyepo.

Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Pang'onopang'ono ndinayamba kuchepa mawu. Anthu m'komboni anayamba kunena kuti, "Aa, a Phiri afatsa." Ku tchalitchi abusa anandiimika kutsogolo, mpingo wonse n'kuthokoza Mulungu kuti munthu uja ankasokosa m'bhawa lero wafatsa ngati nkhosa. Thupi linayamba kubwera, nkhope n'kudzaza. Azimayi pa mpope ankamuseka Nabanda kuti, "Mukuwadyetsa chiyani abambo, tiuzeniko!" Iye ankabwera kunyumba akumwetulira. Kwathu munthu akanenepa timati ali pa mtendere. Wamisala akakhala chete timati wachira. Ndani akanapita kuchipatala kukadandaula kuti mwamuna wanga wafatsa ndipo wanenepa? Akanamuseka.

Mawu amenewo, kufatsa, ndi amene anatsala pang'ono kundipha. Sindinafatse ine, ndinkazima.

Ndinayenera kumapita ku Bulawayo miyezi ingapo iliyonse kukayezetsa magazi. Nkhondo itakula, msewu unayamba kuopsa, mabasi kuimitsidwa, anthu kutsitsidwa. Ndinati, ndipitirenji, poti ndili bwino? Kiliniki ya pa mgodi inkangondidzazira botolo, ine n'kubwerera. Pakadafunda padajiwitsa galu. Ndipo ndinachita chopusa china. Pa botolo panali pepala lokhala ndi dzina la chipatala cha amisala chija. Ndinkachita manyazi kuti anzanga aliona m'thumba la ovolosi, ndiye ndinalipala ndi mpeni mpaka botolo linatsala loyera.

Kenako kunabwera kuzizidwa. Osati kuzizidwa kwa mu Juni kumene tonse timakudziwa. Uku kunali m'mafupa. Nyengo yozizira inatha, anthu anavula majuzi, ine ndinawonjezera. Khungu linauma ngati la buluzi, tsitsi linkatsala pa chipeso, mawu anasasa ngati ndameza utuchi. Kuchimbudzi ndinkapita kamodzi pa masiku anayi, pepani amayi, koma tabwera kudzanena zoona. Munthu akandifunsa funso, ndinkalimva bwinobwino, koma yankho linkachokera kutali, wapansi.

Tsiku lina m'mawa, shifiti yoyamba ikutsika, ndinaima ndi chingwe m'manja. Ndinakoka kamodzi, ndinakoka kawiri, ndipo pamenepo mutu unangoima. Kodi ndakoka kangati? Ndisanapeze yankho, kheji inanyamuka. Che Saidi, mnzanga wa ku Mangochi woboola miyala, anali atalowetsa mwendo umodzi. Anzake anamukokera m'kati, koma chitsulo chinagwira jombo. Zala zitatu za kuphazi zinatsala m'menemo. Kapitawo ankakuwa m'khutu mwanga, "Mampara! Wena lala?" kunditcha chitsiru n'kundifunsa ngati ndikugona, ine ndili chiimire, chingwe chili m'manja. Ndinkafuna kulira, koma ngakhale misozi inkachedwa.

Anandiimitsa ntchito. Woyang'anira komboni anati mwezi ukatha ndikaonekere kwa dokotala wa mgodi, ndipo ngati mutu wabwereranso, tikiti ili m'dirowa.

Apa ndiye ndinagwa zenizeni. Ndinapeza kuti chikokiyana, mowa waukali uja wofulula mobisa, chikalowa m'mimba, munthu umamva kutentha kwa ola limodzi. Ndinayamba kuchisaka m'mawa uliwonse kuseri kwa komboni. Ine amene ndinaimikidwa kutsogolo kwa mpingo, mwana wanga Lute ankandipeza nditagona pa mulu wa mchenga wa mgodi masana, nditadzinyowetsa, chifukwa mchengawo unkatentha. Nabanda anandikalipira mpaka mawu anamuthera. Ndinamuuza kuti, "Mayi a Lute, wina wandiponda. Akufuna belu langa." Ndinkakhulupiriradi kuti ndalodzedwa. Nditamva za sing'anga wina wa kwathu wokhala pa famu ya kunjira ya ku Zhombe, ndinanyamuka osatsanzika.

Tsono tamverani mmene ndinavalira. Mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kumene phula limamata ku nsapato. Ine mathalauza awiri, malaya awiri, juzi, pamwamba pake chijasi chachikulu chimene ndinagula kwa mlonda wina wopuma ntchito. M'thumba botolo la mapilisi lopanda dzina. Aliyense amene anaona nkhondo ija akudziwa amene ankavala zovala ziwiriziwiri. Anali anyamata a m'tchire, vakomana, kuti akathamangitsidwa avule zapamwamba n'kusanduka munthu wina. Dziko lonse linkadziwa zimenezo. Ine ndekha, ndi mutu wanga wozizira, sindinaganizeko.

Basi inaimitsidwa pa chotchinga cha apolisi. Anthu onse anatsika thukuta lili kamukamu, kenako n'kutsika ine ngati ndikuchokera ku mapiri ozizira a ku Nyanga. Wapolisi anakoka lamba wanga n'kuona thalauza lina m'kati. "Mabhurukwa maviri ndeei?" Mathalauza awiri ngachiyani? Ndinatsegula pakamwa, yankho lili m'njira. Iye anaona ngati ndikuchita mwano. Khofi linafika yankho lisanafike. Atapeza botolo, nkhani inatha. Anati ndikupititsa mankhwala kwa anyamata.

Masiku atatu ndinakhala m'chitokosi. Anandivula zonse n'kundisiyira kabudula. Akaidi anzanga ankapempha madzi chifukwa cha kutentha, ine ndikunjenjemera pakona. Ankandifunsa mafunso omwewomwewo, ndipo kuchedwa kwanga kuyankha ankati n'kuuma mutu kwa munthu wophunzitsidwa. Ndinalandira zambiri. Sindikuwiringula, ena analandira zoposa ndipo sanabwerere. Koma pakona paja ndinadziuza kuti basi, kaya ndende kaya tikiti, ana anga sindidzawaonanso, ndipo chimene chinandiopsa n'chakuti mtima sunagunde n'komwe. Unangoti zii.

Tsiku lachitatu masana anandiitana ku ofesi. Pa benchi panali Nabanda. Kondakitala wa basi ija ndi amene anakafikitsa uthenga m'komboni. Mayi uja anabwera ndi zinthu ziwiri: khadi langa la ku Bulawayo, limene ankasunga m'Baibulo, ndi malaya anga oyera a ku tchalitchi, osita bwino. Anaganiza kuti apolisi akandiona nditavala ngati munthu, adzandimva ngati munthu.

M'chipindamo munalinso bambo wina wachikulire, a Ncube, wothandiza dokotala wa boma, amene ankabwera kudzaona akaidi odwala. Apolisi anamupatsa botolo ndi khadi kuti awauze ngati zikugwirizana. Iye anali atagwirapo ntchito pa chipatala cha mgodi ku Zvishavane, ndiye Chichewa ankachithyolathyola. Anayang'ana mapilisi, n'kuwauza kuti awa ndi mankhwala a mutu, msilikali wa m'tchire sangawafune. Anali atatseka kale chikwama chake kuti azipita.

Nabanda anali akundiveka malaya aja, poti zala zanga zinkalephera mabatani. Anamanga onse kuyambira pansi. Atafika pa la pakhosi, anakoka, anakokanso, osatheka. Ndiye anayamba kudandaula yekha monga amachitira azimayi, osauza munthu aliyense.

"Batani ili ndalisuntha katatu. Nsalu yatha, ndilisokera pati tsopano?"

A Ncube anaima pakhomo. Anatembenuka.

"Amai, mwati kangati?"

"Katatu, bambo. Chaka chino chokha."

"Mabatani a pamimba munasunthanso?"

"Ayi, a pamimba akukwana. Ndi la pakhosi lokhali limandivuta."

Bambo uja anaika chikwama pansi. Anagwira dzanja langa, n'kulisiya msanga ngati wagwira chule. Analigwiranso pa mtsempha, maso ali pa wotchi. Anagogoda wotchiyo ndi chala, kuganiza kuti yafa, n'kuyambiranso kuwerenga. Kenako anapempha wapolisi uja amene anandimenya kuti abweretse kapu ya madzi. Wapolisi anadabwa, koma anabweretsa.

"Achimwene," anatero a Ncube, "kwezani chibwano. Imwani, koma musameze mpaka ndinene."

Ndinasunga madzi m'kamwa. Iye anagwada kuti maso ake alingane ndi khosi langa, n'kumukodola Nabanda kuti nayenso ayang'ane.

"Mezani."

Ndinameza. Nabanda anakuwa, "Mayo! Chikuyenda!"

Pansi pa kholingo panali chotupa chimene chinakwera ndi madzi n'kutsikanso. Chaka chonse chinali pamenepo, mkazi wanga akuchisokera malo ndi singano, ine ndikuchibisa ndi kolala ya chijasi.

"Ichi ndi chithokomiro," anatero a Ncube. "Munthu uyu sakuchita mwano, ndipo si ulesi. Moto wa m'thupi mwake watsala makala. Amai, kodi malaya ake mukachapa, mumamva thukuta?"

Nabanda anayang'ana malaya aja. Kenako anayankha motsitsa mawu. "Ayi. Ndinkati ndi ukhondo." Anaphimba nkhope ndi mpango. "Ine ndinkanyadira, bambo. Ndinkati akunenepa ndi mtendere wa m'nyumba mwanga."

Ndikukuuzani, abale, makofi onse a masiku atatu sanandipweteke ngati mawu amenewo. Ndipo pomwepo misozi ija inachedwa kuyambira tsiku la Che Saidi inafika.

A Ncube analemba kalata, apolisi n'kundipereka ku chipatala cha boma m'tauni. Magazi anatumizidwa ku Bulawayo. Dokotala anatifotokozera kuti pakhosi pali kachiwalo kamene kamakupiza moto wa thupi lonse, ndipo mwa anthu ena lithiamu amakafooketsa. Kakafooka kamatupa poyesa kulimbikira, munthu n'kumazizidwa, kunenepa, kuiwala, kuchedwa pa chilichonse. Ine nditamva choncho ndinapsa mtima, koyamba m'chaka chathunthu. Ndinati, "Ndiye mapilisi amenewa ndikawataya m'chimbudzi lero lomwe!" Dokotala asanayankhe, Nabanda anandidula. "Bambo a Lute, chovala chikagwa nsabwe timachapa, sitiwotcha. Mukufuna mukagawenso mbuzi za anthu?" Dokotala atamasuliridwa anaseka, n'kunena kuti mayi wanena zonse. Anandibwezera pa lithiamu mosamala, akuyeza magazi, n'kundiwonjezera kapilisi kena kakang'ono ka chithokomiro, kakumwa m'mawa uliwonse ndisanadye kanthu.

Kapilisi kameneko sikathamanga. Mwezi unatha ine ndikadali ndi chijasi. Nabanda anatenga kalata ya dokotala, anavala chitenje chake cha Mvano, n'kukakhala pakhomo pa woyang'anira komboni kuyambira m'mawa mpaka mzungu anatopa kumulambalala. Anatipatsa mpaka sabata ya Khirisimasi.

M'masabata amenewo ndinachita zinthu zimene ndikufuna mutenge, chifukwa nkhani yokoma yopanda chotenga ndi mowa chabe. Chikokiyana ndinasiya, ndipo sikunali kophweka, Lute ankandiperekeza ngati mkaidi ndikamadutsa kuseri kwa komboni. Botolo latsopano ndinalisiya ndi pepala lake, aliyense wofuna kuwerenga awerenge. Tsiku loyezetsa magazi ndinalilemba pakhoma ndi khala, ndipo kaya kuli chotchinga kaya kulibe, ndinkapita, khadi lili m'thumba la pamtima. Mpaka lero ndikapita sindingoti yezani lithiamu, ndimati yezaninso chithokomiro ndi impso. Musasiye mankhwala nokha chifukwa Sekuru Belu wakuopsani, mukatero ndiye simunandimve. Ndipo inu amene mumasamala odwala, munthu wanu akafatsa mopitirira, musathamangire kuthokoza. Mufunseni ngati akuzizidwa. Muyang'aneni pakhosi.

Ndinapitanso kwa Che Saidi. Ndinamupeza atakhala pakhonde, phazi lili m'mabandeji. Ndinagwada. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Phiri, zala zanga sizimera. Koma ndamva kuti unkadwala. Dzuka, ukundichititsa manyazi pamaso pa akazi anga." Sanandikhululukire tsiku lomwelo, ndipo sindimunena. Zinatenga zaka.

Tsono za tikiti. M'mawa wa tsiku lokaonekera kwa dokotala wa mgodi, tinanyamuka wapansi ine ndi Nabanda. Mvula inali itagwa dzulo lake, dzuwa n'kutuluka lolusa. Ine ndinali patsogolo, ndikulongolola za mmene ndikamuyankhire dokotala, ndikubwereza mabelu onse pamtima. Ndinangomva mayi uja akuti, "Bambo a Lute, taimani." Ndinati, "Chiyaninso, tichedwa!" Anandiyandikira, pamsewu, anthu akuona, n'kuika mphuno pa phewa langa ngati mbuzi.

"Mukununkha," anatero.

"Asa! Mayi iwe, wayamba chipongwe m'mawa uno?"

"Mukununkha thukuta, bambo a Lute. Ndipo chijasi mwachisiya pa msomali."

Ndinadziyang'ana. Ndinali ndi malaya oyera aja okha, msana wonse utanyowa. Sindinadziwe n'komwe kuti ndatuluka opanda chijasi. Mkazi wanga anakhala pansi m'mbali mwa msewu, pamatope, n'kulira mokweza ngati pamaliro, uku akuseka. Azimayi opita ku mpope anathamanga kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Iye ankangoloza ine n'kumati, "Akununkha! Amuna anga akununkha!"

Dokotala wa mgodi anawerenga makalata, anandifunsa mafunso, ndinayankha asanamalize kufunsa. Anati mutu uli bwino. Koma belu anakana. Anati pambuyo pa phazi la Saidi anthu sangalowe m'kheji ine nditagwira chingwe, ndipo sankanama. Anandiika m'nyumba ya malampu, kupukuta ndi kutchaja nyale za anthu otsika pansi. Zinandiwawa, sindikunamizani. Zaka zonse ndinagwira m'menemo, belu likalira kunja dzanja langa linkakoka mphepo. Koma tikiti inatsala m'dirowa. Ana anga atatu anakulira pakhomo pamodzi, bambo awo ali pompo, ndipo Lute ndi uyo wandiperekeza lero, ali ndi imvi zake.

Nabanda anatisiya zaka zisanu zapitazo. Chijasi anachidula kalekale n'kuyalira galu. Koma malaya aja anawasunga m'sutikesi, ndipo ndi awa ndavala. Amene muli pafupi taonani pa kolala apa, timabowo ta singano tikuoneka, pamene batani linkathawira. Analibwezera yekha pamalo pake oyamba, ndipo likumanga.

Mayi a juzi, tikamabalalika musathamangire kukakwera kombi. Sista ali ndi kapu ya madzi apo, ndipo ine ndikhala pa benchi pano mpaka mumeze.